A Zuze, Amene Tinkawatcha a Ndulu

Papita sabata zitatu chiwaikire a Zuze m'manda, koma zimene ndinamva pamaliro paja zikundiwawabe m'khutu. Anthu ankaimirira mmodzimmodzi, wina kuti tataya dokotala wa pa Ngabu, wina kuti wagwa mlambe, wina kuti malemuwa analibe mdani. Analibe mdani! Amene ananena zimenezi ndi Fanuwelo, mwini golosale ya pafupi ndi siteji ya akabaza, munthu amene anatha zaka zisanu ndi ziwiri osawapatsa moni a Zuzewo. Analankhula atavula chipewa, amayi nkumavomera chapansipansi. Ine ndinadzambatuka kuti ndiyankhe, koma mkazi wanga anandikoka malaya nkundikhazika pansi. Akuti pamaliro sayankhana. Chabwino. Ndiyankhira pano.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ina moyang'anizana ndi golosale ya Fanuweloyo, ndipo pakhonde pomwepo mpamene a Zuze ankakhala m'mawa uliwonse atapuma pa ntchito ya kuchipatala. Ankabwera akukankha njinga yakuda imene sindinawaonepo atakwera, atavala khoti loyera la kuntchito lomwe linali litasanduka lachikasu, zigamba zake zonse za pamakina anga. M'thumba la khotilo munkakhala botolo la madzi owiritsa, poti madzi a mwini sankamwa. Moni wawo unali umodzi chaka chonse. Ankayamba m'Chisena, “Mwacherwa, atelala?” kenako nkufunsa kuti m'mimba mwadzuka bwanji. Silinali funso la mwambo loti uyankhe kuti bwino, kaya inu. Ankafuna kudziwa ngati wapita kuchimbudzi, kangati, ndiponso chinali cha mtundu wanji. Ankafunsa aphunzitsi, ankafunsa ogula thonje, anafunsapo ngakhale abusa pamaso pa amayi a mpingo, abusawo nkusowa poyang'ana.

Dzina loti a Ndulu linali ndi mizu iwiri. Wina unali woti pakamwa pawo pankawawa. Winawo unali woti nkhani iliyonse imene mungayambe, kaya ya mvula, kaya ya mtengo wa thonje, kaya ya mpira, iwo ankaikhotetsa mpaka ikafike pa ndulu. Loweruka ankapita kumene amaphera mbuzi kukapempha kathumba kobiriwira kaja kamene amadula mosamala pachiwindi nkutaya kuti kasawawitse nyama. Akabwera nako pakhonde, ankathira madzi m'botolo, kuonjezera mafuta ophikira, nkukhutchumula. Mafuta ankabwerera pamwamba. Kenako ankaboola kathumbako ndi singano yanga, osapempha, kudontheza m'botolomo, nkukhutchumulanso. Madzi aja ankachita mbuu ngati otsukira mpunga, mafuta osaonekanso pamwamba. Ankati ntchito ya ndulu ndi imeneyo, ndi sopo wa m'mimba, ndipo popanda iyo nyama yonona ingangodutsa mwa munthu osasiyamo kanthu.

Koma chimene chinkawatenga mtima kwenikweni ndi zimene zimaichitikira nduluyo ikatsika. Ankati m'matumbo a munthu aliyense, ngakhale wa thanzi lake, mumakhala tizilombo tosawerengeka, tosaoneka ndi maso, ndipo tambiri mwa ito si adani ayi. Chiwindi chikapanga ndulu chimaisokerera kachidutswa kena kuti igwire bwino mafuta. Ikagwira ntchito, yambiri thupi limaitenganso nkuibweza kuchiwindi. Yotsalayo ikafika m'matumbo aakulu, tizilombo tina timamasula msoko uja, ndipo tina, tochepa kwambiri, timaisintha nkukhala ndulu ya mtundu wina. Pofotokoza apa ankaloza ine, kuti atelala akudziwa, wina amasoka, wina amamasula, wina amadula mwatsopano. Ndulu yosinthidwayo, ankatero, ndi imene imapondereza kachilombo kena koipa kamene anthu ena amayenda nako osadziwa, kali phee ngati njere m'nthaka youma. Ukapha tizilombo tosintha ndulu tija, njereyo imamera, poti ndulu yosasinthidwa ndi imene imaidzutsa, ndipo munthu amatsegula m'mimba mosalekeza. Ngakhale mtundu wa chimbudzi, ankati, ndi ntchito ya tizilombo pa utoto wa mu ndulu. Nchifukwa chake ankafunsa funso lawo lochititsa manyazi lija.

Anthu ankaseka. Akabaza ankakuwa kuti a Ndulu akuweta tizilombo ngati mbuzi. Iwo sankaseka nawo.

Zimenezi sanaziphunzire kusukulu yapamwamba. Anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mozambique, ndipo anafika ku Nsanje nthawi ya nkhondo ali mnyamata wa ndevu zoyamba, atabereka mayi awo odwala. Ntchito yokha imene anapeza pachipatala cha othawa nkhondo inali imene aliyense ankaikana: kutsuka timabotolo ta chimbudzi cha odwala. Anandiuza kuti tsiku lina mkulu woyeza anawalola kuika diso pa makina oonera tizilombo, ndipo zimene anaona zinawalanda tulo. Kuyambira pamenepo sanachokenso mu labotale. Anakwera pang'onopang'ono mpaka kukhala woyeza pachipatala china cha kuchigwa kuno, zaka pafupifupi makumi atatu, diso pa makina. Dokotala wina wachizimayi pochoka anawasiyira mabuku ake, ndipo Chingerezi chawo anachikumba m'mabuku amenewo. Atakalamba, mwana wawo wa ku Blantyre atawatumizira foni, ankawerenga pafoniyo ndi galasi lokulitsa zilembo, nkubwera m'mawa kudzakonza zimene anatiuza dzulo ngati apeza kuti analakwitsa. Munthu wouma mutu chonchija, koma pa nkhani ya tizilombo sankachita manyazi kunena kuti dzulo ndinanama.

Nkhondo yawo yaikulu inali ndi makapisozi, mankhwala opha tizilombo aja ofiira ndi achikasu amene pamsika amagulitsidwa awiriawiri ngati maswiti. Chimfine, kapisozi. Msana, kapisozi. Mwana walira, kutsegula kapisozi nkutsanulira m'phala. A Zuze akaona munthu akutuluka m'golosale atafumbata, ankamuitana ndi dzina, msewu wonse ukumva, kumufunsa kuti walemberedwa ndi ndani. Ankati kumwa mankhwala amenewo chisawawa kuli ngati kutentha munda wonse wa mapira chifukwa cha mbewa imodzi. Koma asakunamizeni munthu kuti ankadana ndi chipatala. Dokotala akakulembera, ankakulondola mpaka kunyumba kuti umwe onse, usasiye theka la mawa. Chaka cha kolera anayenda khomo ndi khomo akukalipira amene ankabisa odwala, ndipo mayi wina amene ankakana anamukweza okha pa njinga yawo ija nkumukankha mpaka kumatenti a odwala kolera.

Anayambana ndi aliyense. Anayambana ndi mkulu wa chimkuzamawu amene ankabwera tsiku la msika kudzagulitsa mankhwala otsuka m'mimba. Anamufunsa pagulu kuti akatsuka, alonda a m'matumbomo awasiya kuti. Anayambana ndi ootcha kanyenya, poti ankauza makasitomala awo kuti mafuta akachuluka tsiku ndi tsiku, ndulu yosinthidwa ija nayo imachuluka mpaka kuyamba kupweteka matumbo omwe imateteza. Paukwati wa mwana wa mlongo wawo anakhuthula beseni losambira m'manja anthu ali pamzere, ati anthu makumi asanu sangasambe m'madzi amodzi, ndipo mlongo wawoyo sanawalankhule mpaka mvula ina. Ana awo ankawalemekeza koma ankabwera mwa apo ndi apo, akabwera osakhalitsa. Sindiwaimba mlandu. Kudya ndi a Zuze kunali kovuta.

Ngakhale ine anandichititsa manyazi. Mwana wanga wamkazi atadwala chimfine, ndinagula makapisozi awiri kwa Fanuwelo nkuwabisa m'kabati ya makina. Anawapeza akufufuza singano. Anawaponda ndi nsapato pamaso pa makasitomala anga, nkundifunsa ngati ndimasoka diresi ndi nkhwangwa. Ndinakhala mwezi osawayankha moni. Sanapepese. Tsiku lina anangoika jumbo la masau pamakina nkukhala pansi ngati palibe chinachitika. Mwana uja anali atachira yekha.

Zaka zawo zomaliza anazikhala okha, osati chifukwa cha ukali umenewu, poti ukali wawo tinali titauzolowera ngati dzuwa la kuno. Chinawasiyanitsa ndi anthu ndi maliro a Dominiko, ndipo nkhani imeneyi ndi imene pamaliro awo panalibe woitchula.

Dominiko anali mng'ono wake wa Fanuwelo, wakabaza, mnyamata wamphamvu wa ana atatu. Mkazi wake Malita anali wa ku Nyachikadza, kumadambo, mwana wa msodzi. Tsiku lina tcheni cha njinga chinamutema mwendo, bala nkutukusira. M'malo mopita kuchipatala, mkulu wakeyo anayamba kumupatsa mankhwala a m'golosale. Ofiira ndi achikasu atatha anamupatsa oyera, oyera atatha anamupatsa ena amene anabwera nawo wamalonda wa kumalire. Bala linapola. Patangopita masiku ochepa, Dominiko anayamba kutsegula m'mimba. Fanuwelo anati ndi tizilombo, nkumupatsa makapisozi ena. Kutsegula kunakula. Anaonjezera mapiritsi omanga m'mimba.

A Zuze anamva kwa akabaza kuti mnzawo sakubwera pasiteji, nkupita kukamuona. Pobwera anafika pakhonde nkhope ili gwa. Anandiuza kuti mnyamatayo wauma milomo, mimba yayamba kutupa, ndipo fungo la chimbudzi chake akulidziwa. Anadutsa msewu kupita m'golosale, ine ndikumva.

“Fanuwelo, mng'ono wako apite kuchipatala lero. Ukawauze madokotala zonse zimene wamumwetsa, usabise ngakhale imodzi. Ndipo usiye kumupatsa china chilichonse kupatula madzi a mchere ndi shuga.”

“Madala, mankhwala a kuchipatalako ndi omwewa ndili nawo muno. Mukufuna akagone pansi pamzere?”

“Ndikufuna akhale moyo.”

“Inu mumayeza manyi, si dokotala. Tulukani, mukutsekereza makasitomala.”

Malita anayesa kupeza galimoto, mlamu wakeyo anamukalipira kuti asamve za nkhalamba yopenga. Pamene ankamutengera kuchipatala patatha masiku anayi, Dominiko sankathanso kukhala tsonga. Anamwalira tsiku lachiwiri ali komweko.

Mtembo usanafike, mphekesera inali itafika kale. Akuti Dominiko anasanza zobiriwira. Akuti mkazi wake ndi wa kumadambo, bambo ake amadziwana ndi ng'ona. Akuti ndi ndulu ya ng'ona, anamuthirira mu thobwa. Kuno ukangotchula ndulu ya ng'ona, nkhani yatha, palibenso wofunsa. Pamaliro amayi anamulanda Malita mthiko, mtsuko umene anatunga anaukhuthula, ndipo anakhala yekha pakona ya nyumba, khanda kumsana, ngati wakhate.

Titabwera kumanda, masana dzuwa likuswa mtengo, abale anakhala pansi pa mtengo wa nimu kuti akambe za mkaziyo. Fanuwelo ndi amene ankatsogolera. Anati banja lawo silingasunge njoka m'nyumba, Malita abwerere kwawo, ana ndi a kuchimuna poti malowolo anaperekedwa. Anthu ankagwedeza mitu. Pamenepo a Zuze anaimirira, osapempha mwayi wolankhula. Anali ndi jumbo lakuda m'manja. Anafika pakati nkulikhuthulira pamphasa. Munali timapepala tasiliva ta mankhwala, topanda kanthu, tambirimbiri, timene anatola kudzala la kuseri kwa nyumba ya malemuyo.

“Fanuwelo, izi zinachokera m'golosale ya ndani?”

Kenako a Zuze anatembenukira kwa anthu onse.

“Mwati anasanza zobiriwira. Inde, ndi ndulu imeneyo. Koma ndi yake yomwe, ya m'chiwindi mwake. Munthu aliyense akasanza m'mimba mulibe kanthu amasanza yomweyo, ngakhale inu nonse muli panoyi. Mnyamatayu anamwa mankhwala awa sabata ndi sabata, opanda womuyeza. Anapha tizilombo tomwe timasintha ndulu m'matumbo mwake, koipa kaja nkupeza pomera. Atayamba kutsegula munaonjezera moto, kenako munamumanga m'mimba kuti poizoni asatuluke. Ine makina oyezera kachilombo kameneko sindinakhale nawo, sindinganene kuti ndakaona ndi maso. Za ng'ona sindinayezepo. Koma izi ndaziona, nanunso mukuziona. Malitayu mukumuthamangitsiranji?”

Ndikulumbira kuti kwa kamphindi anthu anayang'ana Fanuwelo, ndipo nkhope yake inagwa. Akanangoti ndinalakwa, ndinkafuna kuthandiza mng'ono wanga, palibe akanamuponya mwala. Aliyense pamenepo anamwetsapo mwana wake kapisozi wa pamsika. Koma anadzuka nkuloza a Zuze.

“Tamvani, abale. Za ndulu akuzidziwa bwanji chonchi? Si omwewa amatola ndulu kophera mbuzi Loweruka lililonse? Mukuti amathera pa mbuzi pokha? Mkaziyu anaipeza kuti, ngati si kwa mwini ndulu?”

Ndi mawu ochepa amenewo mphepo inatembenuka. Mayi wina anakuwa kuti nzoona, amasunga mabotolo m'nyumba. Wina anati nchifukwa chake samwa madzi a anthu, amadziwa zimene amathira iwo. Anyamata anayamba kuyandikira.

A Zuze sanabwerere m'mbuyo. Anatulutsa botolo lawo la madzi owiritsa lija m'thumba, nkulikhuthulira pansi onse akuona. Kenako anatembenukira kukona ya nyumba.

“Malita, mwananga, tanditungira madzi akumwa. Utunge wekha, ndi chikho chako.”

Malita anapita. Anabwera ndi chikho, nkugwada. Munthu amene kwa zaka zonse zimene ndinamudziwa sanamwepo madzi a pakhomo pa wina, ngakhale panga, anamwa chikho chonse mpaka kuchipendeketsa, madzi akutsikira m'ndevu.

“Takhuta,” anathokoza motero m'Chisena. “Mawa masana ndibwera. Undiphikire.”

Anapitadi. Tsiku lililonse masana, kwa mwezi wathunthu, ankakankha njinga kudutsa pamsika kupita kwa Malita, nkukhala panja poonekera, kudya chimene wapatsidwa, kaya ndi mbatata, kaya phala la mapira. Ankadikira kuti anthu aone kuti sakufa.

Mukuganiza kuti anthu anachita manyazi? Anati ali ndi mankhwala otsirika. Ena anati nkhalamba ikufuna chokolo. Mwezi utatha, abale a Dominiko anabwera ndi ngolo, nkuika katundu wa Malita panja. Anamulola kutenga khanda lokha poti linali kubere. Ana awiri aakulu anatsala kwa Fanuwelo, akulira, atagwiridwa manja. A Zuze anamuperekeza mpaka pamsewu waukulu, atanyamula mtolo wake panjinga, ndipo m'njira monsemo ankatukwana aliyense amene anaima kuonerera, kumutchula dzina lake ndi la bambo ake. Analemba makalata kumaofesi angapo za kugulitsa mankhwala pamsika. Sindinamve kuti anayankhidwa.

Kuchokera pamenepo Ngabu anawatseka kunja. Ophera mbuzi anayamba kukwirira ndulu akawaona akubwera. Kutchalitchi benchi imene akhala inkatsala ndi iwo okha, uku anthu atapanikizana kumbuyo. Ana analetsedwa kulandira masau awo. Mayi uja amene a Zuze anamukankha panjinga nthawi ya kolera ankapatuka njira. Ndipo Fanuwelo anapitiriza kugulitsa, bizinesi nkukula, mpaka anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo.

Pano ndiyenera kunena changa, poti wokwiya ndi anzake ayambe wadziyang'ana. Makasitomala anga anayamba kuchepa. Amayi ankabwera ndi nsalu, akaona a Zuze pakhonde nkupitirira nazo kwa telala wina. Nyengo ya mayunifolomu inadutsa makina anga ali chete. Tsiku lina m'mawa, atandipatsa moni wawo uja, ndinayang'ana pansi nkunena kuti mwina kwa masiku ochepa azikapumira kwina, mpaka nkhaniyi izizire. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero.

“Ndapibva, atelala,” anatero, kutanthauza kuti ndamva. Anatenga njinga nkumapita.

Masiku ochepawo anasanduka zaka. Ndinapita kwawo kawiri kukawapempha kuti abwerere, anandilandira bwino, anandifunsa za m'mimba, koma pakhonde panga sanakhalenso. Khoti likang'ambika ankabwera nalo, nkuima padzuwa kunja kwa khonde mpaka nditamaliza. Ndikawakokera mpando ankati miyendo ikufuna kuongoka.

Ulendo wachiwiri umene ndinapita kwawo ndinawafunsa ngati samadandaula kuti analankhula tsiku lija, poti Malita anachotsedwabe, ana analandidwabe, iwo nkutaya anthu onse. Anati chimene amadandaula ndi chimodzi: kuti tsiku limene anakaona Dominiko anapita kukakangana ndi mkulu wake m'golosale, m'malo momunyamula mnyamatayo nthawi yomweyo. Anati mwina matenda anali ena, iwo sangalumbire, koma kuchipatala akanafika akadali ndi mphamvu. Anati pakamwa pawo panathamanga kuposa miyendo, ndipo zimenezo ndi zawo, sadzazikankhira ng'ona.

Anamwalira mwezi wotentha uno, mvula isanagwe. Mayi wina wopita kumjigo m'mawa anawaona atakhala pampando pakhomo, mutu utapendekeka, galasi lowerengera lili pamiyendo. Akuchipatala anati ndi mtima. Mwadzidzidzi aliyense anakhala mnzawo. Ophera mbuzi anapereka mbuzi. Akwaya anabwera onse.

Malita anabwera, pabwato kenako pakabaza, ndi mtsikana wamng'ono amene anali khanda lija. Palibe anamuitana. Analowa m'nyumba ya maliro nkulira kulira kwenikweni, kosiyana ndi kwina kumene tinamva tsikulo. Atatuluka anapita molunjika kumafuwa, nkutenga mthiko m'manja mwa mmodzi wa amayi omwe anamulanda mthiko zaka zija, nkuyamba kutakasa nyemba. Mayiyo anangomusiyira. Nyemba zimenezo anadya anthu onse. Fanuwelo anadya, ndinamuona, anapempha zoonjezera. Panalibe wotchula ng'ona, panalibenso wopepesa. Ana a Malita awiri aja, tsopano ataliatali, anaima patali akumuyang'ana ngati mlendo, mpaka wamkuluyo, mnyamata, anapita kukamulandira chidebe cha madzi. Ngati anthu ankakhulupiriradi kuti mayiyu anapha mwamuna wake ndi poizoni, anadya bwanji? Ngati sankakhulupirira, zaka zisanu ndi ziwiri zija ankamulangiranji iye, ndipo nkhalamba ija ankaisaliranji? Funso limeneli ndi limene ndinkafuna kufunsa pamene mkazi wanga anandikoka malaya.

Dzulo ndinapita kukaona pamene ankakhala, kumapeto kwa mudzi, njira yopita kudambo. Ana awo anagulitsa malowo maliro asanazizire. Malata anachotsedwa kale, zitseko ndi mafelemu omwe, ndipo makoma a zidina ayamba kugumuka pamwamba. M'chipinda chogona mwalowa mbuzi. Mabuku a dokotala uja anawaunjika pakona, chiswe chayamba kale kumanga njira zake pachikuto. Mpanda wa minga wagwa mbali ya kumsewu, anthu atsegula njira yachidule kudutsa pabwalo pamene kale ankaopa kuponda.

Chokhacho chimene chaima chilili ndi chimbudzi. Anachimanga okha ndi njerwa zootcha, pamalo okwera kuti madzi osefukira asachipeze, masitepe atatu a simenti, denga lake, chitseko chopakidwa utoto wobiriwira, paipi yotulutsa mpweya yokhala ndi sefa pamwamba. Nyumba yawo yogona sinaonepo simenti, koma ichi chimaposa nyumba zambiri za m'mudzimo. Pambali pake pali mtengo wa mphanda, kachigubu kosambira m'manja kakulendewera pachingwe, madzi anaumamo, ndi kachidutswa ka sopo kolimba ngati mwala. Mwini malo watsopano waika loko wamkulu pachitsekopo. Ndili chiimire pamenepo, mayi wina wochokera kumunda anafika mofulumira, nkugwedeza lokoyo kawiri, nkuyang'ana uku ndi uku. Kenako anatsika masitepe aja nkulowera kutchire.